Nyimbo ya Seveni Imene Ndinapekela Taonga

Anzanga, mwana wanu akamavutika ndi masamu musabwele naye kwa ine. Ndikunenelatu poyela, chifukwa ndamva kuti alipobe ena amene akundiyesa katswili.

Zonse zinayamba ndi chikondi basi. Mwana wanga Taonga ali mu giledi yachitatu, ndipo temu yathayi anafika pa mataimusi, zija zoloweza pamtima za thuu taimusi thuu folo. Za thuu, za faifi ndi za teni ankazimwa ngati munkhoyo, koma atafika pa seveni anaima nji. Tsiku lina anabwela kunyumba maso atafiila. Aphunzitsi anamuimitsa kutsogolo, mayankho anamuthawa, anzake anamuseka, ndipo kuwonjezela apo kumapeto kwa mwezi kunali mayeso a mataimusi okhaokha. Mtima unandipweteka. Ine ndimadziwa kuima kutsogolo kwa kalasi pakamwa pali gwa. Sukulu ndinaisiyila panjila ndili mwana, ndinachita kubwelela ku sukulu ya madzulo ndevu zitamela kale, ndiye ndinadziuza kuti wanga yekhayu manyazi amenewo asawaonenso.

Nditapita ku boma ku Petauke kukagula mbewu, mnzanga wokonza mafoni anandiikila m'foni tinyimbo ta zidole, tija ta tinyama tovina uku tikuimba manambala m'Chingelezi. Taonga anatikonda zedi. Pakutha pa masiku atatu ankavina ndendende ngati kanjovu ka m'foni muja, chiuno ndi mapewa zonse zili m'malo mwake, koma ukamufunsa seveni taimusi sikisi ankangokuvinila. Mawu a tinyimboto ankathamanga kwambili, moti ngakhale ineyo wa satifiketi ndinkangotolako apo ndi apo.

Apa m'pamene nzelu zinandibwelela, nzelu zija zimabwelela munthu akatsala pang'ono kugwa. Ndinati, kodi chovuta n'chiyani? Ndipeka yangayanga m'Chinyanja, pa chuni cha nyimbo ija amayi amaimba posinja, zidolezo ndijambula ndekha. Ndinang'amba katoni ya sopo, ndinajambulapo mbuzi zisanu ndi ziwili ndi makala, ndinazidula n'kuzimangilila pa timitengo. Ina inkaoneka ngati galu wodwala, koma Taonga anati ndi yokongola, ndipo ine ndinakhulupilila.

Kunatsala mayankho. Inde, m'foni muli kakyuleta, ndikudziwa, musandikumbutse. Koma mphunzitsi wathu wa ku sukulu ya madzulo ankati kakyuleta imaoletsa ubongo, ndipo ine ndinali wophunzila wake womvela. Ndiye ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndinatapa nshawa, mtedza uja wa makoko, m'thumba, n'kuyamba kuzindandalika m'mizele monga timachitila pobzala. Ndikandandalika ndinkawelenga, ndikawelenga ndinkalemba. Zinayenda bwino mpaka pa seveni taimusi seveni. Ndinayala tsono za eyiti, mizele isanu ndi iwili, uliwonse nshawa zisanu ndi zitatu.

Ndisanawelenge, apongozi anga aakazi anatulukila pabwalo. Ine ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga ku Nyampande, ndipo kuno mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi. Ndinadzambatuka, ndinathawila kuseli kwa nkhokwe, ndinanjuta n'kuwaombela m'manja ndili komweko. Iwo anayankha moni mwaulemu, anakhala pa mphasa yomwe ija n'kuyamba kucheza ndi mwana wawo Esinala, mkazi wanga. Anacheza, anacheza, mpaka miyendo yanga inachita dzanzi.

Atapita ndinabwelela, ndinasonkhanitsa nshawa zija pamodzi n'kuwelenga. Fifite-folo. Timakoko tosenda ndinationa m'mbali mwa mphasa, ndinationadi ndi maso angawa, ndinatikankha ndi phazi uku ndikung'ung'udza chuni. Ndinawelenganso mulu uja kachiwili, fifite-folo. Kachitatu, fifite-folo. Tandiuzani inuyo, munthu wowelenga katatu angadzikayikile?

Ndipo taonani tsoka lake, mzele umenewo ndi umene unakoma kuposa yonse. "Seveni taimusi eyiti, fifite-folo, mbuzi yalowa m'khola!" Mawu ndi chuni zinagwilana ngati zinabadwila pamodzi.

Tinajambula kanemayo Loweluka m'mawa. Foni tinaitsamiza pa njelwa, Esinala anabisala kuseli kwa tebulo n'kumavinitsa mbuzi zija, ine ndikuimba uku ndikumenya ndowa. Pakatikati tambala analila, koma tinati asiyidwe, akukometsela. Taonga anaonela kawili kokha, kachitatu ankaimba yekha kuyambila pa wanu mpaka pa thwelofu. Ndinamunyamula m'mwamba, misozi ili m'maso.

Zikanathela pomwepo bwenzi lelo ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma Esinala, ponyadila mwamuna wake, anakaonetsa anzake ku kwaya, iwo anatengela m'mafoni mwawo, ana awo anaonela, ndipo pasanathe sabata ziwili mwana aliyense wopita ku mjigo ankaimba za mbuzi yolowa m'khola. Mlamu wanga anaimba foni kuchokela ku Nyimba kuti wamva mawu anga m'minibasi, ndipo kondakitala ankavomeleza. Anthu anayamba kunditchula kuti aphunzitsi a Daka. Kodi ndinakana? Ayi ndithu. Ndinayamba kuyenda ndi bolopeni pathumba la malaya ngakhale popita kudimba.

Mayeso analembedwa Lachisanu. Lolemba Taonga anabwela ndi kakalata kochokela kwa mphunzitsi wake, amai Mwanza, kondipempha kuti ndifike ku sukulu m'mawa mwake. Ndinauza Esinala kuti mwina akufuna ndipekele sukulu yonse, asite jekete ija ndinavala pa ukwati. Ndinapalasa njinga ndikukonza m'mutu mawu odzichepetsa oti ndikanene akandithokoza.

Amai Mwanza anandilandila bwino, anandilowetsa m'kalasi, anandiimika kutsogolo, n'kuuza ana kuti mwini nyimbo uja ndi ameneyu. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Anawauza kuti aimbe, ndipo anaimba, abale, anaimba mpaka malata kunjenjemela. Ine osaugwila mtima ndinayamba kuwatsogolela ndi manja ngati wa kwaya, phazi likuponda pansi. Titangodutsa pa mbuzi yolowa m'khola, amai Mwanza anakweza dzanja, nyimbo inaduka.

Anandipatsa choko. "A Daka, tithandizeni. Tijambulileni pa bolodi mizele seveni, uliwonse timadontho eyiti, ndipo tiwelenge pamodzi."

Ndinajambula mosamala, mizele yowongoka ngati ya m'munda mwanga. Ndinayamba kuloza, ana akuwelenga mokweza. Fifite-thuu, fifite-fili, fifite-folo. Ndinatembenuka kuti ndimwetulile, koma maso a ana onse anali pa bolodi. Nditayang'ana, timadontho tiwili tinali titatsala kumapeto, tikundiyang'ana. Pomwepo timakoko tija tinandibwelela m'mutu. Apongozi anali atadya masamu anga! Ndivomeleze pano kuti ganizo loti nditifufute ndi chigongono linandifikila, koma mboni zinachuluka.

Amai Mwanza sanakwiye, ankachita kuluma milomo kuti asaseke. Anandifotokozela kuti kwa sabata ziwili akhala akulemba fifite-sikisi pa bolodi, ana n'kuvomela, koma akangotuluka panja mbuzi imalowanso m'khola, chifukwa choko sichingapikisane ndi ndowa. Pa mayeso pafupifupi kalasi yonse inalemba fifite-folo. Ngakhale mwana wawo weniweni kunyumba anawatsutsa, akuti a m'foni sanganame. Thukuta linatsika m'jekete muja mpaka m'masokosi. Ine amene ndinkafuna kuchotsela mwana wanga manyazi, ndinali nditaima pamalo pomwe paja iye anaima, ndipo chimene chinkandiopsa kwambili chinali pepala la Taonga. Ndinafunsa chapansipansi kuti nanga iyeyo zamuthela bwanji.

Anatulutsa pepala lake pamwamba pa mulu. Mataimusi onse anakhoza, wa eyiti womwe. Mwana mmodzi yekha m'kalasi monse amene sanamvele nyimbo ya a Daka anali mwana wa a Daka.

Pobwelela ndinamukweza pa kaliya wa njinga. Titayenda kamtunda ndinamufunsa kuti yankho loona analidziwa bwanji. Anandiuza kuti ndiime. Anatulutsa kope lake m'chikwama, anakanganula pepala la khaki limene ndinakutila ine mwini ndi manja angawa kumayambililo kwa temu, n'kundionetsa chikuto cha kumbuyo. Mataimusi onse anali pomwepo, osindikizidwa bwinobwino, kuyambila pa thuu mpaka pa thwelofu.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Ndinafuna kukuuzani, atate, koma munali kuvina. Simuvina kawilikawili."

Ndinatsika panjinga, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kuseka mpaka m'mimba kuwawa, iye akundisisita pamutu ngati ndine mwana wake. Apongozi mpaka lelo sakudziwa kanthu, ndipo ndani angakawafunse? Mkamwini angayambe bwanji mlandu wa nshawa ziwili, za m'munda mwawo womwe?

Ndinalumbila tsiku lomwelo kuti kupeka nyimbo ndasiya, ndiziimba za ku tchalichi zokha, zimene mawu ake analemba ena. Taonga akuti ndisafulumile kulumbila, pakuti za naini zikumuvuta ndipo akufuna nyimbo ina, ya nkhumba. Wangoika lamulo limodzi: ndisanatsegule pakamwa, pepala langa liyambe ladutsa kwa iye, alichonge ndi bolopeni yofiila.