Kapeti Wofiira wa Dona

Lolemba

Dona, mkazi wa bwana wa esiteti, wandiitana kukhonde ndikuweruka ku ofesi. Akuti makapeti ake atsopano afika pa sitima ku Luchenza, ndiye pa akale atatu ndisankhepo mmodzi. Ine! Osati kapitawo Mulipa, amene wakalambira kukuwa m'mizere ya tiyi. Kalaliki ndi kalaliki basi.

Zabwera pa nthawi yake. Lamulungu likudzali a Namakhwa, malume a mkazi wanga, akubwera kuchokera ku Khonjeni kudzaona khanda lathu. Ndi iwowa amene ananena pa chinkhoswe, ine ndikumva, kuti: "Kalaliki n'chiyani? Munthu wopanda ndi nkhokwe yomwe." Chikwatire sanapondepo pakhomo panga. Akakabwerera ndi mawu oipa, abale ayambiranso nkhani yawo ija yoti mkazi wanga ndi ana azikakhala kumudzi, ine ndizitsala ndi inki yanga.

Ndiye abwere. Adzaponde ubweya wa nkhosa za ku Ulaya ndi mapazi awo a ming'alu aja, tione ngati nkhokwe idzatchulidwenso.

Ndauza mkazi wanga, amake Estere. Yankho lake: "Kodi mphasa yalakwanji?"

Anthu ena n'ngovuta kuwatukula.

Lachiwiri

Tsiku losankha. Ayalidwa onse atatu pa kapinga kuseri kwa nyumba ya bwana.

Woyamba, wotuwa. Dona akuti saonetsa litsiro. Saonetsanso china chilichonse. A Namakhwa angamuyese chiguduli.

Wachiwiri, kakang'ono kobiriwira, ka pambali pa bedi. Kofewa, kopanda chilema. Khukhi wa dona wandinong'oneza kuti nditenge kameneka, n'kamene kangakwane m'nyumba ya kumalayini a antchito. Khukhi ntchito yake ndi kusenda mbatata. Azisenda.

Wachitatu, wofiira ngati magazi, wamkulu, maluwa kuzungulira, mphonje uku ndi uku. Pakati paperepeseka pang'ono pamene galu amagona. Pang'ono chabe.

Dona akundiphunzitsa kasankhidwe: pinda ngodya uone ngati ulusi n'ngothithikana, kanikiza chala uone ngati ubweya ukudzukanso. Ndapinda, ndakanikiza, ndagwedeza mutu ngati munthu wobadwira pa kapeti. Kenaka m'chinyanja chake chotsimphina chija: "Nyumba yako wamkulu bwanji?"

Ndati, "Yokwanira, dona."

Wofiira!

Lachitatu

Ndapempha ngolo kwa a Mulipa. Akuti, "Ngolo ndi ya nkhuni za kufakitale, si ya zofunda." Nsanje.

Ndamusenza ndekha, ndili m'jekete, kudutsa pamunda pamene akudulira tiyi. Anthu asiya mipeni n'kumandionerera. Wina wayambitsa nyimbo, ena avomera. Mawu ake sindilemba muno.

Kunyumba: sakukwana.

Wadzaza chipinda chochezera chonse n'kukwera makoma atatu mpaka m'mawondo. Mphonje zili lende kukhoma ngati ndevu. Chitseko chikutseguka theka, munthu azilowa chammbali. Amake Estere aima pakhomo, khanda kumsana, akuti: "Nanga pansi ndizizira bwanji?" Ndawafotokozera kuti pansi pa nyumba ya kapeti sapazira, sapaona n'komwe. 

Malamulo, ndawalengeza ndili chiimire:
palibe kudyera pa kapeti,
palibe mbaula,
palibe nkhuku,
wolowa asambe mapazi,
khanda likhalepo pokhapokha litamaliza kale zonse.

Zotsatira zake, banja lonse lakhala pakhonde, mumphepo. Ine ndakhala m'kati ndekha pa mpando, miyendo yake ikumira mu ubweya. N'zokongola kwambiri.

Lachinayi

Chiperoni chafika m'mamawa. Nkhungu mpaka pakhomo, tiyi osaoneka, chinyezi chikukwera kuchokera m'dothi. Kapeti wayamba kununkha. Si fungo loipa kwenikweni, ndi fungo la nyumba za azungu. Amake Estere akuti ndi fungo la galu wonyowa.

Nthata!

Estere miyendo yonse totupa tokhatokha. Khanda likulira. Ine ku ofesi ndikukanda kapamba ndi cholembera, inki yadontha pa buku la maina, bwana wandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndati ndi udzudzu. Udzudzu nyengo yozizira ino!

Nthatazi zachokera kwa oyandikana nawo, ndikutsimikiza. Anthu osadziwa ukhondo.

Amake Estere: "Kodi anakupatsani kuti musankhe kapeti kapena galu?"

Komanso nkhuku yalowa ine kulibe, yaikira dzira m'mapindo a kukhoma. Ndalipeza ndi chidendene.

Lachisanu

Malayini onse asanduka asing'anga a makapeti, anthu amene sabata yatha sankadziwa ndi dzina lake lomwe. Wina akuti phulusa. Wina madzi a fodya. Mlonda wa kufakitale akuti ndimubwezere galu chinthu chake, nthata zitsata zokha.

Ine monga munthu wophunzira ndasankha utsi. Ndatulutsa ana, ndalowetsa mbaula, ndaikapo masamba aawisi a bulugama, ndatseka mmene chitseko chikulolera. Lamulo la mbaula ndinaika ndine, ndingathe kulichotsa.

Khala lathetheka n'kugwera pa duwa lalikulu la pakati. Pamene ndimabwera ndi madzi, bowo lili ngati mbale.

Ubweya ukamapsa umanunkha ngati mbuzi yowawula. Sindinkadziwa. Malayini onse akudziwa. Anthu afika mmodzimmodzi, kupereka moni wautali, maso ali kukhitchini. A Mulipa afika ndi kampeni m'thumba: "Akalaliki, mpaka kupha mbuzi osatiitana?"

Ndawaonetsa bowo. Aseka mpaka kugwira khoma.

Nthata zilipo, zonse, zamphamvu. Pabowo ndaikapo tebulo. Tebulo tsopano lili pakati pa njira.

 

Loweruka

Taweruka masana. Nzeru yomaliza: kuchapa. Ndamukokera kumtsinje, chakumtunda kwa pamene amayi amachapira, kuti ndisasakanikirane nawo. Sopo, mwala, mapazi. Ndikupondaponda, thalauza lopinda, ndikuona litsiro likuchoka bwinobwino. Lofiira.

Si litsiro.

Kumunsi kwamveka mfuu. Zovala zoyera za kutchalitchi za malayini onse, zili m'madzi. Nsalu ya akazi a Mulipa. Malaya a mphunzitsi. Malaya anga oyera, okhawo, amene amake Estere amandichapira kuti ndidzalandirire alendo. Zonse zili ngati mnofu wa gwafa.

Zimene akazi a Mulipa anena, anena m'Chilomwe, pang'onopang'ono, kuti ndimve liwu lililonse. Ndamva.

Kapeti wonyowa sanyamulika. Ndayesa, msana wati phwa. Ndachonderera amuna anayi odulira tiyi, omwe aja anandiimba nyimbo. Tamukulunga, amusenza pamapewa, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ine pambuyo pawo nditazyolika chifukwa cha msana. Anthu m'njira akupatuka, amuna akuvula zipewa. Mayi wina wagwada pambali pa msewu n'kundifunsa motsitsa mawu: "Pepani, watisiya ndani?"

Tamuyanika pa mitengo iwiri kuseri kwa nyumba. Dzuwa kulibe. Maluwa afufutika, kufiira kwatha, bowo likuonetsa mtambo.

Lamulungu

M'mamawa amake Estere azira pansi, asalaza ndi mwala, ayala mphasa. Sanandifunse. Sindinaletse.

Kutchalitchi mzere wonse wa kumalayini wavala mtundu umodzi. Palibe wandipatsa moni.

A Namakhwa tawapeza afika kale, ndodo m'manja. Alowa, chitseko chatseguka chonse. Akhala pa mphasa, alandira khanda, apapasa pansi ndi chikhato: "Eee, pansi pozira bwino chonchi, pakhomo pali munthu." Malaya anga awayang'ana kawiri, akuti kapena ndi mmene akuvalira akalaliki masiku ano.

Atadya apita kuseri. Akhalitsako. Ndatsatira, ndawapeza aima pamaso pa chinthu chija, akuchisisita chikudontha madzi.

"Akamwini," akutero, "bulangete lotere sindinalionepo chibadwire. Mpaka potulutsira mutu! Kodi mwamva kwa ndani kuti kwathu kukuzizira chaka chino?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za ulusi wothithikana. Amake Estere andiponda chala.

"Ndi lanu, amalume. Bambo ake Estere alikonza sabata yonse."

Mkuluyo wandigwira dzanja ndi manja onse awiri. Akuti anandiganizira molakwa. Akuti akauza abale kuti mwana wawo akusungidwa bwino, nkhani yomubweza kumudzi ithe. Maso awo anyowa ndithu. Ndimafuna mawu amenewa zaka zinayi, ndipo ndawalandira chifukwa cha chogonera cha galu.

Za nthata sindinanene. Mwina zamira.

Chatsala ndi chimodzi. Iwo ndi okalamba, sangasenze. Ngolo ndi ya nkhuni. Amuna anayi aja lero akupuma, ndipo akuti maliro sanyamula kawiri. Njira ya ku Khonjeni ndi zitunda zokhazokha, chiperoni chayambiranso, belu la ku ofesi mawa silidikira munthu.

Ndikulemba izi nsapato zili kumapazi. A Namakhwa ali panja, akugogoda ndodo pansi, akuti tifulumire. Amake Estere akundipotera nkhata, yaikulu, akung'ung'udza kanyimbo.