Galimoto ya Malemu Ikukana Mtunda

Lolemba

Loweruka likubwerali tikavundukula chiliza cha amuna anga kwawo ku Kasakula. Ndikupita pa galimoto yawo, woyendetsa ine. Pa maliro paja alamu anga a Yohane anati, “Perekani makiyi, galimoto si ya munthu wamayi.” Ndinakana. Chaka chonse ndikaweruka kophunzitsa ndakhala ndikuzungulira nayo bwalo la mpira mpaka ndadziwa.

Zonyamula: nkhata ya maluwa, mbuzi imodzi, amayi atatu a kwaya.

Madzulo ndikuiyesa galimotoyo pa mtunda wa pa Chezi. Ndikuponda moto mpaka pansi, iyo ikungokwawa. Wanjinga wa makala akundipitirira, ndi moni womwe.

Lachiwiri

Kusukulu aliyense ndi makanika lero. Ahedi akuti ndi petulo wa m'zigubu. Aphunzitsi a masamu akuti mapulagi. Mayi wa mandasi akuti, “Ikusowa mwiniwake imeneyo, muiwaze madzi odalitsa.”

Ndikusinthitsa mapulagi. Madzinso ndikuwaza, pomwe palibe akuona. Palibe chikusintha, koma tsopano ikununkha ngati mazira owola.

Lachitatu

A Kamwendo amakanika agona kunsi kwake pa saka. Akumasula paipi ya utsi pafupi ndi injini, akuliza, galimoto ikudzuka ndi mphamvu zake zonse.

“Madamu, katalitiki yatsekeka. Ndi kabokosi kosefa utsi aka. Utsi ukusowa potulukira.” Akupukuta m'manja. “Bambo aja ndinawauza. Anati tidzakonza akachira.”

Ndikunamizira kufuna china m'chikwama.

Lachinayi

Taitanitsa katalitiki ina ku Lilongwe, ibwera pa minibasi. Ndaima pa siteji kuyambira masana, fumbi m'maso, kupenyetsetsa kondakitala aliyense ngati m'bale wanga. Yafika dzuwa litapendeka. Ndi yaikulu ngati mtondo. A Kamwendo akuitembenuza kawiri. “Iyi ndi ya lole.”

Lachisanu

Njira yatsala imodzi: kudula kabokosiko, kugumula zam'kati ndi chitsulo, n'kuwotchereranso. Adula. Agumula. Zotulukamo ndi zakuda bii, ngati zisa za njuchi zopserera. Wowotcherera akungovala magalasi ake, magetsi thi.

Galimoto ili pa njerwa, paipi ili pawiri.

Alamu akuimba foni: “Tikusungireni malo oimika pansi pa mtengo wa mango?”

“Eya, sungani.”

N'chifukwa chiyani ndayankha choncho?

Loweruka

Magetsi sanayake. Amayi a kwaya akwera lole ya fodya. Ine ndili pa njinga yamoto, mbuzi pakati pa ine ndi woyendetsa, nkhata pa mkono. Mbuzi ikudya maluwa msewu wonse. Ndikaimenya, njinga ikudzandira.

Tikufika nsalu atachotsa kale pa chiliza, ansembe akutseka buku. Ndikuika nkhata yotsalayo, theka ndi waya wokhawokha. Dzina la amuna anga alemba bwino.

Pansi pa mango asesapo ndithu, aika ndi miyala kuti ana asasewerepo. Alamu akungolandira chingwe cha mbuzi. Bola akanandiseka.

Apongozi akundigwira dzanja. “Mayi, kuyambira m'mawa ndimatchera khutu. Ndimati ndimveko kulira kwa galimoto ya mwana wanga.”

Lamulungu

Magetsi ayaka tili ku Misa. Masana a Kamwendo akubwera nayo okha, akumwetulira. “Mtunda uja yakwera ngati mwana, madamu.”

Zoona, ikuthamanga. Koma ikulira ngati chigayo, nkhuku zonse zabalalika, aneba atuluka kudzaona ngati kwabwera thirakitala. Amuna anga akamabwera ndinkaidziwa isanakhote n'komwe pa tchalitchi. Iyi sindikuidziwa. Ngakhale nditapita nayo ku Kasakula, apongozi sangatuluke m'nyumba.

Ndaiimika kuseri, ndaifunditsa lona. Mawa sukulu. Ndipita wapansi.