Ndinaukhomera Miyendo Mpando wa Eni

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ndipo ngakhale pano ndikuilemba nditazyolika.

Ndili pa yunivesite ku Birmingham m'ma 1990, ndinkachita lendi kachipinda ku Smethwick, kwa mayi wina wamasiye wachizungu, Mayi Doreen. Anali munthu wabwino zedi. Kukazizira ankandiikira botolo la madzi otentha pabedi. Koma pabalaza pawo panali chinthu chimene chinkandiwawa mtima: mpando wa matabwa anayi okha, olumikizidwa ngati chilembo cha Z. Miyendo ayi, khushoni ayi. Wothimbirira, pokhalira pali pokandikakandika.

Tsono bambo anga anali kalipentala ku Dedza (ine yanga inali yogwirira thabwa iwo akamacheka, koma ndinkadziyesa mmisiri). Ndikauyang'ana mpandowo, mumtima ndinkati amayiwa anawabera, mmisiri anathawa ntchito asanamalize.

Mayi Doreen atapita ku Hanley kukaona mng'ono wawo kwa sabata, ndinati mpata wowathokoza ndi uno. Ndinakagula sandipepa, misomali ndi penti wobiriwira ku Cape Hill. Ndinayamba ndi kuupala mpaka kuti see. Kunsi kwake kunali kachidindo ka mawu achilendo, nakonso ndinakapala poyesa ndi litsiro. Kenako ndinadula mtengo wa tsache pakati, n'kukhomera miyendo iwiri kumbuyo. Pomaliza penti, kawiri konse (ndinkaimba nyimbo za kwaya popaka, tangoganizani).

Ndinaitana Kondwani, mnzanga wa kutchalitchi amene ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba, kuti adzandiyamikire. Atangolowa anaima chilili.

"Aise, wachita chiyani?"

"Ndaumaliza. Waiona ntchito?"

"Iwe! Mpando uwu anaujambula katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Holland nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe. Timauphunzira m'kalasi! Ku myuziyamu amauzinga ndi chingwe. Kupanda miyendoko ndiye luso lakelo!"

"Nanga kachidindo kakunsi kaja n'kofunika?"

Kondwani anangokhala pansi, manja kumutu.

Tinayesa kuzula misomali ija, thabwa n'kuyamba kung'aluka. Tinaibwezera.

Mayi Doreen anafika Lamlungu masana, ine nditalongedza kale katundu wanga. Ndinawalandira chikwama, n'kugwada pakhomo pomwepo (azungu sadziwa chochita munthu akawagwadira, iwo anayesa ndadwala m'mimba). Kenako anauona mpando uja.

Anauyang'ana nthawi yaitali, jasi ili m'thupi.

"Malemu amuna anga anausenza paphewa potsika sitima yapamadzi, titangokwatirana kumene," anatero. "Kunena zoona, ine sindinaukondepo. Umapweteka msana. Koma pokandika paja anali makiyi awo a m'thumba lakumbuyo. Ndikamapukuta fumbi ndimasisitapo."

Bola akanandilalatira. Ndinati "Pepani, mayi" kambirimbiri, ndipo mmene ndinkazindikira ndinali ndikuwapepesa m'Chichewa.

Sanandithamangitse. Anavula jasi, nateleka madzi a tiyi, n'kunena kuti, "Kamasule katundu wako. Ndipo mpandowu upite kuchipinda kwako. Wausandutsa wako, ndiye uzikhalapo."

Ndinakhalapodi, mpaka ndinamaliza maphunziro. Miyendo ya tsache ija inathyoka sabata yachiwiri, mpando n'kungoima bwinobwino ngati kale. Pentiyo naye sanaume mokwanira. Tsiku lina ndinakaima kutsogolo kwa kalasi yonse kufotokoza kafukufuku wanga, ndipo nditatembenukira kubolodi ndinangomva anthu akudzitsokomoletsa. Kumbuyo kwa thalauza kunali biriwiri.

Ndinalumbira kuti sindidzakonzanso chinthu cha mwini osafunsa. Koma mwezi wathawu, tili kwa apongozi ku Walsall, tebulo linkagwedera pang'ono, ine n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi muli ndi hamala m'nyumba muno?"

Mayi akunyumba anandiponda phazi kunsi kwa tebulo lomwelo. Mpaka lero ndikutsimphinabe.