Liwu Limene a Twaibu Sanena

Lolemba

Doha. Kutentha ngati wasuzumira mu uvuni wa buledi. Kachipinda ka hotela ku Bin Mahmoud. Pansi pali malo odyera, fungo la anyezi wokazinga likukwera mpaka pa pilo.

Ndabwera kudzatenga liwu limodzi basi.

Ndilembe nkhaniyi mwadongosolo, mutu ukhale m'malo. A Twaibu ndi akulu awo a Saidi, amuna a ku Machinga, ankasoka zovala m'dziko lina loyandikana ndi kwathu. Tsiku lina apolisi a kumeneko anawatenga onse awiri. A Twaibu anatuluka. A Saidi sanaonekenso. Khoti la mayiko loona za ufulu wa anthu, kumene ndimagwira ntchito, linandipatsa banja lawo kuti ndiliyimire. Mu umboni woyamba a Twaibu anati, "Achimwene anatisiya." Womasulira, munthu wophunzira Chichewa m'mabuku, anaika m'Chingerezi ngati za munthu amene wamanga katundu n'kusamuka. Maloya a boma la dzikolo akakamira pomwepo ngati nkhupakupa: mwaona, mboni yawo yomwe ikuti munthuyu anachoka yekha!

Umboni wokonzedwa ufike kukhoti Lolemba likudzali. Kupanda apo, oweruza agamula ndi wakale uja.

Dongosolo:
Mawa, kujambula mawu.
Lachitatu, kulemba.
Lachinayi, kusainitsa.
Masiku otsalawo, kuona nyanja ndi kugulira mayi aang'ono mafuta onunkhira.

Ntchito yophweka chonchi sindinaionepo!

Lachiwiri

A Twaibu ndi alonda pa nyumba yosanja ya ku Onaiza, yagalasi lokhalokha. Yunifolomu yosita bwino, ndevu zayamba imvi. Ali ndi break yaifupi. Takhala kuseri, pa mthunzi wa khoma.

Moni. Kumudzi mwasiyako bwanji. Mvula inagwa bwanji. Kwanu kwenikweni ndi kuti? Ndikuti ku Domasi. Domasi! Ali ndi msuweni kumeneko. Tikumufufuza msuweniyo nyumba ndi nyumba mpaka tampeza, anakwatira kuseri kwa msika. Ine amene kukhoti ndimadula mboni ikatalikitsa, ndili phee, ndikumwa Chichewa ngati thobwa la pa ukwati. Papita nthawi ndikulota m'zilankhulo za eni.

Ndikungoti nditulutse chojambulira mawu, supavaiza watulukira: "Yalla, yalla!"

"Sorry a loya, time yatha. Bukra, inshallah." Bukra ndiye mawa.

Zimene ndajambula lero: mphepo.

Lachitatu

Tajambula. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti mboni suiika mawu m'kamwa. Umafunsa, n'kudikira.

Funso: a Saidi chinawachitikira n'chiyani?

Mayankho a a Twaibu, ndi zimene loya wa boma adzachite nawo:
Anatisiya. Mwamva nokha, anasamuka.
Anatsogola. Kulowera kuti, pa basi yanji?
Anagona. Ndiye adzuka.
Sali nafe. Eya, ifenso tikunena zomwezo!

Kwathu tili ndi makomo ambiri otulutsira munthu mwaulemu. Khoti lili ndi khomo limodzi, lopapatiza.

Pobwerera, mu sitima ya metro mozizira ngati mu firiji, ndikukumbuka azakhali anga. Anandipeza ndikusewera fulaye. "Bwera kuno, mwanawe. Bambo ako atsogola." Ndinathamangira kumsewu wa ku Zomba kuti ndiwapeze asanafike patali. Palibe anandiuza kuti ndamva molakwa. Anangonditsatira n'kundibereka kumbuyo, ngakhale ndinali wamkulu kale woti n'kuberekedwa.

Lachinayi

Tsiku losainitsa. Chosaina palibe.

A Twaibu awasintha shifiti. Uthenga wawo: "Pepani a loya, double duty, mafi time lero." Mafi ndiye palibe. Ndikuphunzira Chiarabu cha zokanika chokhachokha.

Abwana anga kuntchito, pa foni: "Mneni mmodzi yekha, mnzanga! Wakwera ndege chifukwa cha mneni mmodzi!"

Ndikuyeserera mafunso pa galasi la kubafa, ngati mwana wa sukulu ya zamalamulo.
"Kodi anamwalira?" Ayi. Ndawaika mawu m'kamwa, loya wa boma aimirira ndisanamalize.
"Kodi anali kupuma?" Ayinso! Kupuma kuli pawiri, womasulira wina adzawatumiza ku tchuthi.
"Munawaona komaliza ali bwanji?" Ili ndiye funso.

Mafuta onunkhira sindinagule. Nyanja ndaiona pa chithunzi cha pa khoma la hotela.

Lachisanu

Kuno Lachisanu ndiye tsiku lopuma. A Twaibu ali off. Afika kuchokera ku mzikiti atavala mkanjo woyera, koma sali okha. Mbiri yamveka kuti kwabwera loya wa kumudzi.

Pa tebulo limene ndinasungitsa la anthu awiri pali madalaiva, mlonda mnzawo, ndi wophika wa ku hotela ina ya ku Al Khulaifat. Aliyense ndi mlandu wake. Kodi ukwati ungathe pa foni? Kodi malire a munda angasunthe mwini ali kunja? A Jafali, dalaiva wapakamwa, akufuna khoti lathu liweruze mlamu wawo amene wadya mbuzi zawo. Ndikufotokoza kuti ife timazenga maboma okha, ndipo pokhapokha makhoti a m'dzikomo atalephera.

"Ndiye mlamu wangayo ayambe wakhala pulezidenti?"

Kuseka mpaka woperekera tiyi wa karak akutiyang'ana. Inenso ndikuseka. Kalekale sindinaseke chonchi.

Kenaka a Jafali omwewo amva chimene ndabwerera. "Iwe Twaibu, khalas, zakwana basi! Ungonena kuti anafa, mayiwa azipita!"

A Twaibu akuika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Imafa ndi nkhuku, Jafali."

Chojambulira chakhala m'chikwama tsiku lonse.

Loweruka

Kuseri kwa khoma lija. Ndayatsa makina. "Munawaona komaliza ali bwanji?"

Akufotokoza osaima, maso ali pa nsapato. Anawatsekera m'zipinda zoyandikana. M'mawa uliwonse a Saidi ankagogoda khoma, iwo n'kuyankha. M'mawa wina khoma silinalire. Pa kabowo ka chitseko anaona amuna atanyamula bulangete, phazi likulendewera panja. Phazi lopanda chala chaching'ono, chimene chinapita ndi khasu ali anyamata.

"Ndiye a Saidi anali..." Ndaima. Liwu lili pa lilime langa, koma si langa loti ndinene.

"A loya, maliro sitinawaone. Sitinasambitse, sitinaike. Amayi anakana sadaka. Mlamu wanga mpaka lero sanakhale pansi monga amachitira amasiye. Ine ndikanena pa makina anuwa, ndiye kuti ndawaika ndine. Ndekha, kuno, pa break."

Ndazimitsa. Supavaiza akusuzumira, akutiyang'ana, akubwerera.

Zaka zonsezi ndaimirira pamaso pa oweruza ovala mikanjo, ndafunsa akuluakulu a nkhondo mpaka thukuta kamukamu. Lero funso lotsatira ndilibe.

Lamulungu

Kuno ndi tsiku la ntchito. Misewu yadzaza, palibe belu la tchalitchi.

Ndalemba umboni monga unatulukira: khoma, bulangete, phazi. Pansi pake ndawonjeza ndime yanga yofotokozera oweruza chimene ife timatanthauza tikati munthu watisiya. Loya wa boma adzati amenewo ndi maganizo a loya, si mawu a mboni. Mwina oweruza adzamumvera. Mwina ayi.

Abwana: "Mneni uja?" Ndayankha kuti palibe.

A Twaibu awerenga tsamba lililonse ataimirira pa geti, akulondola ndi chala. Asaina. Akundipatsa paketi ya tende, zipatso zotsekemera za kuno, kuti ndikapatse amayi awo ndikadzafika kumudzi.

"A loya, khoti lanulo si ndiye lalikulu kuposa onse? Khotilo ndilo linene liwulo. Likanena, ife tidzamva, tidzalira. Koma amayi musadzawauze pa foni. Mudzapite nokha, mudzayambe mwakhala pamphasa."

Ndavomera.

Khoti likudikira a Twaibu. A Twaibu akudikira khoti. Ine ndikudikira takisi ya ku bwalo la ndege, tende ali m'manja, dzuwa lili paliwombo.