Mkazi wa Chipinda Chachiwiri

Nkhani iyi ikanakhala ya munthu wina, bwenzi nditaifalitsa kalekale, ndi nsinjiro zomwe. Tsoka lake ndi yanga. Komabe nkhani yokoma siyenera kuwolera m'mimba chifukwa choti wochita manyaziyo ndine, ndiye khalani pansi mumve mmene ndinadzivulira ulemu pamaso pa mkamwini wanga ku Dubai kuno.

Ine ndine Nambewe. Ndinabwera kuno kudzalera adzukulu. Mwana wanga Tiyamike ndi nesi, amuna ake, bambo a Tadala, ndi akauntanti. Timakhala ku Silicon Oasis, m'fulati ya pamwamba, koti aneba suwadziwa ngakhale dzina. Kwa munthu ngati ine, kumeneko ndi kusala kudya.

Bambo a Tadala ndi mkamwini woleredwa bwino. Sitiyang'anana m'maso. Tikakumana pakhomo la kukhitchini, iwo amakanirira kukhoma, ine ndimayang'ana firiji. Akafuna kundiuza kanthu amauza Tiyamike, ine ndili pomwepo.

"Uwauze amayi kuti AC yakonzedwa."

"Uwauze kuti ndamva, zikomo."

Takhala choncho zaka zonsezi, osayambanapo. Muyambana bwanji ndi munthu amene simulankhulana?

Ndiye kunabwera June. Amene mukuidziwa Dubai mukudziwa kuti nthawi imeneyi ngakhale mphaka satuluka panja. Aliyense amene angathe amathawa. A kwathuwa anagwirizana zopita ndi ana ku Ulaya, kumzinda wotchedwa Lisbon. Ine ndinadziwiratu kuti ntchito yanga ndi ya chaka chatha yomwe ija, kulondera nyumba ndi kuthirira maluwa. Sindinadandaule. Mokweza.

Loweruka lina, Tiyamike ali ku shifiti, ndinaona bambo a Tadala akutenga foni, kutuluka pakhonde, n'kukoka chitseko chagalasi chija. Pakhonde! Masana! June! Mwamuna wosiya AC n'kukaima padzuwa lotero sakuyankhula ndi abusa.

Mwamwayi, zenera la kochapira lili pafupi ndi khondelo. Ndinakumbukira kuti ndili ndi zovala zoti ndichape. Zinali zochapa kale, koma ukhondo suchuluka.

Ankayankhula ndi a Zulu, bambo wa ku Chipata wogulitsa matikiti a ndege ku Deira.

"Ayi a Zulu, family room ija iyayi. Ndikufuna hotela yoti tipeze zipinda ziwiri. China cha ine, madamu ndi ana. Chinacho cha mayi uja."

Mayi uja! Botolo la sopo linandipulumuka.

"Chikhale pa floor ina, osati khoma ndi khoma. Ndipo chonde, nkhani imeneyi isamveke kaye kunyumba kuno. Mukudziwa mmene nyumba ino ilili, mawu sachedwa kuyenda."

Ndinadabwa kuti akunena ndani, poti Tiyamike si wolongolola.

Kwathu mwamuna wapabanja akayamba kufunsa za chipinda chachiwiri ku resitihausi, sitifunsa kuti mugona ndani. Timangofunsa kuti ayamba liti. Koma uyu ndiye anali katswiri. Kunyamula mkazi, ana, ndi chibwenzi m'ndege imodzi! Ena amabisa ku Sharjah, mzinda woyandikana nafewu, uyu akupita nacho ku Ulaya!

Mlungu wonsewo ndinachapa. Makatani ndinachapa. Nsalu za patebulo ndinachapa. Akangobwera kuntchito n'kulowera pakhonde, ine ndili pazenera.

"Ilibe lifiti? Isiyeni imeneyo. Mayiyo maondo ake ndi ovuta, ndiponso thupi lilipo."

Tsiku lina: "Bedi likhale lolimba, a Zulu. Tija topyapyala ta miyendo yachitsulo ayi."

Linanso: "Chakudya cham'mawa chikhale chija chodzitengera wekha. Amadya bwino. Tikatenga hotela yopatsa kabanzi kamodzi ndi khofi, ndidzamva madandaulo mpaka Khirisimasi."

Apa mtima unandipweteka kawiri. Kuchita chibwenzi n'kulakwa, inde. Koma kusiya mwana wanga, nesi, wa khosi lake losalala, n'kukatola chimayi chadyera cha maondo ophwanyika? Ndiye kutukwana mtundu wathu wonse kumeneko.

Umboni weniweni unabwera Lachisanu.

"Mufunseko ngati makoma ake ndi ochindikala. Amaliza mkonono kwambiri, ndikuopa kuti azungu a chipinda choyandikana angakadandaule."

Mkonono! Anthuni, mwamuna amaudziwa bwanji mkonono wa mkazi amene si wake?

Ndinakhala pachidebe, poti maondo anga safuna kuima nthawi yaitali, n'kuyamba kuganiza kuti mayi ameneyu angakhale ndani.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinangowafunsa eni ake. Ndiwafunse ndikuyang'ana kuti? Firiji? Mpongozi safunsa mkamwini za bedi. Nanga Tiyamike? Mwana ali ndi BP. Komanso nkhani ya banja siyambira kwa mwini banja, imayambira kwa ankhoswe. Ine ndimatsata mwambo.

Koma ndisanafike kwa ankhoswe ndinati ndiuzeko munthu mmodzi yekha, kuti tithandizane kupemphera. Ndinakwera basi, kenako sitima ya Metro mpaka ku Deira, kwa mnzanga Mai Sakala wa ku Lusaka, amene amaluka tsitsi m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya mafoni.

"Mayo ine!" anakuwa Mai Sakala, chipeso chili m'kamwa. "Ba Nambewe, nizoona ivi? Uja wofatsa uja?"

"Yemweyo."

"Bofatsa ndiye boipa! Uyo ni sugar mummy, nakuuzani. Mwamuna sangapilile mkonono mahala."

"Koma isatuluke m'chipinda muno."

"Ine? Wallahi, pakamwa panga ni pa zipi."

M'chipindamo munali atsikana atatu olukitsa tsitsi. Onse anali ataweramira mafoni, ndiye ndinaona kuti sakumva.

Lamlungu kumapemphero a a Malawi ndi a Zambia anthu ankandigwira dzanja ndi manja awiri. "Limbani mtima, amayi." Mayi wina wa kwaya amene amatsimphina pang'ono anapeza kuti benchi yonse ndi yake yekha. Titatuluka, mlongo wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mkaziyo ali ndi fakitale ya matumba ku Investments Park, amuna awiri anamufera, ndipo ndi amene anagulira bambo a Tadala galimoto. Ndinakhulupirira. Zimenezo sindinkazidziwa, koma zinkagwirizana ndi zomwe ndinamva.

Madzulo ake ndinaimbira achimwene anga a Yohane ku Mponela, nkhoswe ya Tiyamike.

"Achemwali, mwaonadi ndi maso?"

"Ndamva ndi makutu, achimwene. Makutu anga sananamizepo munthu."

A Yohane anakhosomola nthawi yaitali, kenako anati tikhale pansi Loweruka masana.

Tsikulo ana tinawatsekera kuchipinda ndi makatuni. Foni tinaitsamiritsa ku chitini cha shuga kuti a Yohane aziona onse. Anali atavala jekete, kumbuyo kwawo nkhuku zikudutsa. Mai Sakala anabwera ngati mboni, atamanga chitenje cholimba m'chiuno, nsapato zafulati, wigi atavula n'kuika m'chikwama. Tiyamike anali atangofika kuchokera ku shifiti, yunifolomu isanavulidwe. Bambo a Tadala anakhala kumapeto kwa sofa, manja pamaondo.

"Kwagwanji kodi?" anafunsa Tiyamike. "Amalume, kumudzi kuli maliro?"

"Maliro ali m'nyumba mwako momwemo," ndinatero. "Khala pansi, mwana wanga. Wamwa mankhwala?"

Ndinaimirira, n'kutembenukira ku TV yozimitsa, poti ngakhale pamlandu mwambo ndi mwambo.

"Tiyamike, uwauze bambo a Tadala kuti chipinda chachiwiri cha ku Lisbon tachidziwa."

Ndinamva sofa ikulira.

"Uwauze kuti floor ina ija taidziwa. Lifiti taidziwa. Bedi lolimba talidziwa. Uwafunse kuti m'banja mwathu anasowamo chiyani kuti akatole chinkhalamba chonenepa ngati thumba la chimanga, choyenda chogwira makoma, chodya ngati chiswe, choliza mkonono ngati chigayo cha dizilo!"

"Bauzeni!" anatero Mai Sakala.

"Mayi wopanda manyazi! Msinkhu umenewo anzake akulera adzukulu, iye akuthamangira mahotela a ku Ulaya! Achimwene, ine chigamulo changa n'chimodzi. Mayi ameneyu atchulidwe dzina pompano, alongedze, akwezedwe ndege, abwerere kwawo. Khalas, yatha basi!"

Pafoni pankangomveka tambala wa ku Mponela.

Bambo a Tadala thukuta linali kamukamu, AC ili pamwamba. Anayang'ana kapeti, n'kunena motsitsa, "Uwauze ndiwe. Ine sindingathe."

Tiyamike anali ataphimba nkhope, mapewa akugwedezeka. Ndinathamanga kukamukumbatira. "Lira, mwana wanga, lira, usasunge m'mtima."

Sankalira.

"Amayi," anatero akupukuta misozi, "mayi wakeyo ndinu."

"Wati chiyani?"

"Chipindacho n'chanu. Tikupita nanu. Tinkafuna tipeze kaye hotela, poti viza sapereka popanda hotela. Tikanakuuzani msanga, dziko lonse likanadziwa chikhalirecho mapepala asanatuluke."

Ndinafuna kukhala pansi, koma ndinaopa kuti anthu aona maondo.

"A Zulu anatipezera family room yabwino, yapafupi ndi sitima," anapitiriza Tiyamike. "Koma family room ya azungu ndi chipinda chimodzi. Bedi lathu apa, la ana apo, sofa yanu pakati. Bafa limodzi, chitseko chake chagalasi. Bambo a Tadala ataona chithunzi chake sanadye tsiku lonse."

"Chagalasi?" a Yohane anayandikitsa nkhope mpaka pafoni panangotsala mphuno. "Ndi apongozi momwemo? Ayi bambo, munachita bwino. Floor ina yachepa, mukanafunsa hotela ina."

Ndinayesa kugwira kanthambi komaliza. "Nanga mkonono? Uwafunse anaumva kuti!"

Bambo a Tadala anauza kapeti, "Uwauze kuti makoma a nyumba ino ndi opyapyala."

"Ine sindiliza mkonono!"

A Yohane anati, "Achemwali, pa maliro a amalume aja azimayi anasamukira panja, mvula ikugwa. Mumayesa ankafuna mphepo?"

Mai Sakala anatsegula chikwama, kutulutsa wigi, n'kuivala chokhota. "Manje ine navala nsapato za nkhondo kuchoka ku Deira. Nimenye ndani?"

"Dikirani mayi, mlandu sunathe," anatero a Yohane, akukonza jekete. "Dzina latchulidwa. Wodandaula wapempha kuti mayiyo alongedze, akwezedwe ndege, abwerere kwawo. Ine ngati nkhoswe ndilibe chotsutsa. Achemwali, ndikakuchingamireni liti ku Lilongwe?"

"Achimwene, simukumveka. Netiweki!" Ndinadina batani lofiira.

Kupepesa ndinapepesa, mwamwambo wake. Ndinagwada n'kuuza Tiyamike kuti awauze bambo a Tadala kuti Satana ndi wochenjera. Iwo anauza Tiyamike kuti andiuze kuti palibe kanthu, koma makatani apumuleko kuchapidwa. Mayi wa kwaya uja ndinamugulira mafuta onunkhira a kumsika wa souk. Analandira, koma mpaka lero amandipatsa moni ndi nsidze.

Viza inatuluka, ku Lisbon ndinapita. Hotela anasankha bwino mkamwini wanga, ndisaname. Mzindawo ndi zitunda zokhazokha, koma ine ndinkangoti yalla, tiyeni, adzukulu akundikankha kumbuyo.

Ndinkayesa kuti nkhani inathera m'nyumba muja. Ndinaiwala kuti Mai Sakala anafalitsa chigawo choyamba chokha, poti chachiwiri chinalibe ndewu. Tsiku lina masana ndikupuma m'chipinda changa chija, foni inalira. Anali Nagama, mnzanga wa ku chigwirizano cha amayi kumudzi.

"Nambewe, pepani ndi zimene zakuonekerani. Kuno tonse tamva."

"Mwamva zotani?"

"Za mkamwini wanu. Akuti wapitadi nacho ku Ulaya chimayi chija, pamaso pa mwana wanu! Akuti ndi chinkhalamba cha mano awiri, m'ndege anachilipirira mipando iwiri, ndipo chikagona, hotela yonse imatuluka panja kuyesa chivomerezi. Inu muli komweko, mwachiona?"

Ndinaona kuti kukana nkhani yonse kunali kuwononga chinthu choti chakula bwino.

"Ndamuona," ndinatero. "Anthu amakokomeza, Nagama. Ndi mayi wooneka bwino ndithu."

Miseche ndi yokoma, abale anga, koma musanathire tsabola muziyamba mwafunsa dzina la mwini nkhani.