Tambala Womanga Mwendo

Kuno ku Yofu mukamva munthu akundifunsa kuti, "Kodi alendo abwera liti kwanu?" musaganize kuti akundifunira zabwino. Akundiseka ameneyo. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri (kubisa kwake kwa pachilumba, koti ukayetsemula ku Khuyu wa ku Chipyela amakufunsa za chimfine), ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha, anthu asamaithire mchere wambiri.

Zinali zaka zija mabungwe anachuluka matipate atabwera. Bungwe lina la ku Mzuzu linalengeza kuti lithandiza magulu a m'midzi kuyamba timabizinesi, thandizo losabweza. Amayi khumi a m'mudzi mwathu anapanga gulu loweta nkhuku, ndipo anandipempha kuti ndikhale mlembi wawo, mwamuna ndekhandekha. Musafunse kuti anaona chiyani mwa ine. Ndinagwirako ntchito ku Bulawayo, Chingerezi cholembera kalata ndinali nacho, komanso ndinali ndi jekete. (Jeketeyo musaiiwale, ibweranso.)

A bungwe sanali opusa. Anati ayamba atiyesa kaye. Anatitumizira tambala mmodzi wa Mikolongwe, wakuda bii, wamkulu ngati kamwana ka mbuzi, ali ndi kamphete ka pulasitiki kolembedwa nambala pamwendo. Tambalayo amayenera kuyenda nyumba ndi nyumba mwa mamembala kuti asinthe mtundu wa nkhuku zathu. Pakatha miyezi itatu mlangizi adzabwera kudzamuona. Akadzamupeza wamoyo ndi wathanzi, atitumizira misoti makumi awiri yoikira mazira. Akadzamupeza palibe, basi, thandizo lipita kwina.

Pa tonsefe, amene anaikapo mtima wonse anali wapampando wathu, Mayi Fanesi. Amuna awo anatsalira m'nyanja chaka cha m'mbuyo mwake, ndipo mwana wawo Mere anali atasankhidwa kupita kusekondale. Mazira a misoti ija ndiwo anali sukulu ya Mere. Tambala anayambira kwawo, ndipo ankamusamala kuposa momwe ine ndimasamalidwira pakhomo panga. Gaga ankachita kukapempha kwa anthu ochokera kumtunda.

Kalata itafika yoti mlangizi, a Mhango, abwera pa sitima ya mlungu umenewo, ine ndinaimirira pamsonkhano ndi maganizo anzeru.

"Tambala abwere kwathu," ndinatero. "Khola langa ndi latsopano, ndiponso mlendo adzadyera kwathu. Adzaone zonse malo amodzi."

Mayi Fanesi anakayika pang'ono. "Kodi si bwino akhale komwe ali, alembi? Wazolowera."

"Mayi, zinthu za bungwe zimafuna dongosolo. Ine ndinaona ku Bulawayo."

Mawu akuti Bulawayo ankatseka pakamwa aliyense masiku amenewo. Dzulo lake la tsiku la sitima, Mayi Fanesi anamubweretsa okha tambalayo atamufungata.

Tsoka linayambira apa. Mkazi wanga anali kuchipatala ku Chipyela, kudikirira mwana wathu wamkazi yemwe anali atangobereka kumene. Ndinatuma uthenga kwa achemwali anga aakulu a ku Khuyu kuti abwere m'mawa adzaphikire mlendo. Iwo sanali m'gulu, ndipo tambala wa bungwe anali asanamuonepo.

M'mawa kutacha ndinagwira thadzi langa lokalamba, loti n'kuphera mlendo, ndikulivundikira m'dengu kuseri kwa bafa kuti lisamasokose. Kenaka ndinamuyang'ana tambala uja m'khola. Ndinaona kuti m'kholamo ndi mwamdima, kukongola kwake sikuoneka bwino. Ndikamumasula, athawira kwa Mayi Fanesi. Ndiye ndinatani? Ndinatenga chingwe, kumumanga mwendo, kumukoleka patsinde la mango pafupi ndi khitchini, pamthunzi, poti mlendo adzamuone bwino. Mpunga, mafuta, tomato ndi anyezi ndinaziika pakhonde la khitchini lomwelo. (Ndiulule zonse: mpeni ndinaunolanso, n'kuuika pamwamba pa mpungawo.)

Ndili mkati modikira achemwali, ndinamva sitima ikulira. Inali itafulumira, chinthu chomwe sichinachitikepo chibadwire changa. Ndinavala jekete n'kuuyatsa wa ku Chipyela osasiya mawu kwa aliyense.

A Mhango anatsika m'boti ali wofooka. Anali mnyamata wooneka waulemu, koma mafunde anali atamukhutula zonse za m'mimba.

"Ada, ine kuyambira dzulo sindinadye kanthu," anatero tikukwera chitunda. "Nyanja yanuyi ayi."

"Musadandaule, bwana. Kwathu mukadya ngati mfumu."

Pa malonjezo anga onse a tsiku limenelo, ili lokha ndilo linakwaniritsidwa.

Tinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinawalowetsa mlendo pakhomo lakumaso, molunjika pabalaza, poti mlendo salowera kukhitchini. Achemwali anagwada, kupereka moni, kubweretsa madzi osamba m'manja, kenaka mbale. Nditavundukula, ndinadabwa. Ntchafu zake zinali zazikulu, msuzi wonona. Mumtima ndinati, ha, thadzi lija linkabisa thupi m'nthenga! Ndinasankha nthutumba n'kuwaikira a Mhango m'mbale mwawo monga mwa mwambo, kuti adziwe kuti nkhukuyi yafera iwo.

Anadya mnyamata uja. Anadya mpaka thukuta, mpaka kumasula lamba.

"Ada, ngati nkhuku zanu zachikuda zimanenepa chonchi, tambala wathu uja munamufuniranji?"

Ndinaseka kwambiri, ndikuwaonjezera chidali.

Tili mkati mopukuta m'manja, pakhomo panadutsa nkhuku. Inaima, n'kusuzumira m'nyumba, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Linali thadzi langa lokalamba lija, lamoyo, litagubuduza dengu.

Ndinapempha kuti ndituluke pang'ono. Patsinde la mango panali chingwe chokha. Kuseri kwa khitchini kunali mulu wa nthenga zakuda.

"Achemwali! Mwapha nkhuku iti?"

"Yomwe munamanga, nanga iti?"

"Ameneyo ndi tambala wa bungwe! Mlendoyu wabwera kudzaona ameneyo!"

Achemwali anaika chikho pansi pang'onopang'ono. "Achimwene, inu munabadwira konkuno. Tsiku la mlendo, nkhuku yomanga mwendo pafupi ndi khitchini, mpeni uli pambali. Imadikira chiyani? Ubatizo?"

Zoona, ngakhale ine ndikanaipeza chomwecho pakhomo pa munthu ndikanaipha. Achemwaliwo anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kundipatsa kamphete kaja.

"Ndimati n'kanu kokongoletsera nkhuku, za ku Bulawayo. Pitani mukawauze zoona."

Ndikanamvera. Koma panthawiyo amayi a gulu anali akufika pabwalo, atavala zitenje zofanana, akuimba nyimbo yolandira mlendo, Mayi Fanesi ali patsogolo. A Mhango anatuluka ndi kabuku m'manja, akumwetulira ngati munthu wokhuta.

"Tsopano tiyeni timuone mnzathu uja."

Pakamwa panga panayankhula pokha. "Wadula chingwe, bwana. Wapita koyenda. Sapita patali."

Ndiye tinayamba kumufuna. Taganizani: amayi khumi, mlendo mmodzi, ndi ine m'jekete dzuwa lili ng'aa, kuzungulira Yofu yense, m'minda ya chinangwa, m'mapanga a miyala, pansi pa malambe, kuitana tambala yemwe theka lake linali m'mimba mwa munthu amene amatithandiza kufuna. A Mhango ankachita kugwada kusuzumira m'zitsamba. Ine ndi amene ndinkaitana mokweza kuposa onse. (Nthawi ina ndinafika poloza n'kunena kuti, "Si uyo?" Anali khwangwala.)

Patatha ola lathunthu tinafika pakhomo pa Mayi Fanesi, poti onse amati mwina wabwerera komwe anazolowera. Panalibe. Mayi aja anakhala pansi pafumbi, chitenje chatsopano chomwecho, n'kuyamba kulira.

"Bwana, mlandu ndi wanga. Ndinamuzoloweza pano. Wayenera kuti amabwera kuno, galu kapena ng'azi n'kumugwira panjira. Musalange anzangawa. Lembani kuti wapampando ndiye walephera."

Mere anali ataima pakhomo, akuyang'ana mayi ake.

Manyazi ndinawamvapo kambiri m'moyo wanga, koma apa ndinadzida. Mkazi wamasiye akusenza mlandu wa ine, wodya nawo ntchafu. Ndinapisa m'thumba la jekete, kutulutsa kamphete kaja, n'kukaika m'dzanja la a Mhango.

"Tambala sanasowe, bwana. Tamudya."

A Mhango anayang'ana nambala ya pamphete, kuyang'ana m'kabuku, kenaka anaika dzanja pamimba.

"Uja wa nthutumba uja?"

"Yemweyo, bwana."

Ndinafotokoza zonse, za chingwe, za mpeni, za dengu. Mayi wina anayesa kudziletsa, koma phwete linamuphulika, enanso n'kutsatira. Mayi Fanesi okha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alembi, munatisiya tikuyenda padzuwa mukudziwa?" Kunena zoona, bola akanandimenya.

A Mhango anakhala pamwala. "Ada, mwandiika pamalo ovuta. Ndikalemba kuti wafa, adzafunsa wafa bwanji. Ndikanene kuti ndamudya ndine?"

Mere anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kubwera akukusa thadzi la mayi ake. Pambuyo pake pankathamanga anapiye asanu ndi atatu, asanu mwa iwo akuda bii, miyendo italiitali.

"Ana ake ndi awa," anatero.

Amayi ena awiri anati kwawonso nkhuku zikufungatira mazira a tambala yemweyo. A Mhango anayenda nyumba zonsezo, kuona ndi maso awo. Atatha anandiitanira pambali.

"Bodza sindilemba, ada. Ndilemba kuti tambala anagwira ntchito yake, kuti anaphedwa molakwitsa pakhomo pa mlembi, ndiponso kuti mlembiyo agula wina ndi ndalama zake. Misoti idikira mpaka tambala watsopanoyo tidzamuone."

Ndinagulitsa jekete ya ku Bulawayo kwa wamalonda wina wa kutsidya la Mozambiki, ndikuitanitsa tambala pa sitima. Anafikira kwa Mayi Fanesi ndipo palibe anafunsa maganizo anga. Misoti inabwera ndithu, koma patapita miyezi inayi, ndipo miyezi imeneyo Mere anaikhala pakhomo anzake ali m'kalasi. Anadzayamba teremu yotsatira. Anthu akamaseka nkhaniyi, gawo ili amalidumpha, koma ine sindimaliiwala. Mkazi wanga atabwerako kuchipatala sanalalate nkomwe. Anangotenga mazira onse a thadzi lokalamba lija n'kumandipatsa mlungu uliwonse kuti ndikasiye kwa Mayi Fanesi, ndekha, masana, anthu akuona.

Ulembi sanandichotse, poti makalata ankafunikabe. Anangogwirizana kuti mlembi azigwira cholembera basi, chilichonse chokhala ndi nthenga asayandikire.

Tsiku lomwe Mere ankanyamuka kupita kusukulu, Mayi Fanesi anafika pakhomo panga atafungata katambala kakuda, kamodzi mwa anapiye aja.

"Aka n'kanu, alembi. Bambo ake munawadziwa bwino kuposa tonsefe."

Anaseka koyamba chichitikire zija, ndipo ine ndinaseka nawo, misozi ili m'maso.

Katambalako kanakula, kanakalamba, kanadzafa kokha ndi ukalamba. Sindinakamangepo chingwe. Zidzukulu zake zadzaza pakhomo pano, zakuda bii, zonenepa, ndipo mlendo aliyense akafika amaziyang'ana ndi chiyembekezo. Mkazi wanga amandiyang'ana, ine ndimayang'ana nkhukuzo, dzanja n'kulemera.

Kwathu alendo amadya usipa. M'mudzi muno amati ndine woumira, ndipo ndimangovomera.