A Elliam ndi Utitiri Wokwera Sitima

Ku Balaka kuno aliyense amapha utitiri ndi zikhadabo, koma malemu a Elliam ankaukweza sitima. Musaseke, ndinkawaona ndi maso angawa.

Utitiriwo unkachokera pa mphaka wa mwana wawo Jasten, amene anapita ku Halale kukafuna ntchito nkhondo itangotha. Potsazika anati, "Bambo, mundisungire mphakayu, ndidzamupeze wonenepa." Basi, a Elliam anawatenga mawuwo ngati lamulo la tchalitchi.

M'mawa uliwonse ankamugoneka mphaka pamiyendo, kumupesa ndi chipeso cha nsungwi, n'kumatola utitiri umodziumodzi kuponya m'kachitini ka fodya. Tsiku la sitima likafika, ulendo wa ku sitesheni.

"Ambwiye, bwanji osangoupha?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iyayi! Wamwa magazi a mphaka wa Jasten. Ndi wachibale umenewu."

"Nanga ukupita kuti?"

"Ku Halale. Ukamulume mwini wake, akumbuke kwawo."

Mmwenye woyang'anira sitesheni anawagwira akukutumulira kachitini pazenera la sitima.

"Madala, tikiti ili kuti?"

"Bwana, ana oyamwa salipira."

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma tonse tinkaona kuti akatha kukutumula sankachoka msanga. Ankaima n'kumayang'ana otsika onse kumaso, mpaka womaliza.

Chaka cha njala mphaka anaonda, utitiri n'kuchuluka mpaka chipeso kulephera. Che Usumani a ku Mposa, mnzawo wa bawo, anawamvera chisoni.

"Achimwene, musambitseni m'madzi a fodya wa labu. Mbuzi zanga ndimatero, utitiri umagwa ngati mapira."

Anamusambitsa, ndipo utitiri unagwadi. Koma mphaka si mbuzi, amadzinyambita thupi lonse. Dzuwa lisanalowe anali atafa, atauma gwa.

A Elliam sanalire, ndipo sanawakalipire che Usumani. Anangofunsa kuti, "Nanga Jasten ndidzamuuza chiyani?"

Tsiku la sitima ndinamva odi pakhomo panga. A Elliam, kachitini kali m'manja.

"Wadson, galu wakoyu ali nawo utitiri? Undibwerekeko pang'ono."

"Wa galu, ambwiye?"

"Jasten sangausiyanitse. Koma ukangosiya kufika, adziwa kuti mphaka wafa. Ndiye adzabwereranji?"

Ine ndinangomugwira galuyo miyendo, iwo n'kumapesa.

Anayenda choncho khomo ndi khomo, kwa Akhristu ndi kwa Asilamu komwe, mpaka dzinja limene tinakawaika. Jasten sanabwere, ngakhale pamaliro.

Sitima ikubwerabe ndipo ikupitabe, anthu akutsika popanda wowayang'ana kumaso. Galu wanga amangodzikanda pakhonde tsiku lonse. Ndikamva mapazi panja ndimadzidzimuka, koma amakhala munthu wodzapempha moto.